Nyali ya Woyenda Usiku, Pansi ndi Mumlengalenga

Aliyense amene adakulira pakati pa akuluakulu, namvetsera pamene iwo ankafotokoza makhalidwe a makolo, adziwa kuti munthu woyenda usiku adali ndi udindo wodzionetsa kwa anzake; pakuti potuluka m'nyumba ankasolola chikuni pamoto, kapena kumanga muuni wa udzu, naugwedeza uku ndi uku njira yonse, kuti aone poponda, komanso, chimene chidali chachikulu koposa, kuti amene ali kutsogolo adziwe kuti kukudza munthu. Wosowa moto ankatsokomola kapena kuyankhula mokweza, ndipo pofika pabwalo la eni ake ankayamba waodira asanayandikire khomo. Koma wodza mumdima wopanda moto ndi wopanda mawu ankayesedwa mbala kapena mfiti, ndipo akakomana ndi chibonga cha mwini nyumba, bwalo la mfumu linkayamba kufunsa iyeyo chimene ankafuna pakhomo pa anthu nthawi yotero. Mwambo umenewu sudafe pamene anthu adasamukira m'tauni, ndipo ndikhulupirira kuti tiyenera kuukumbukira lero, pamene pamwamba pa Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri payamba kuuluka tindege topanda munthu m'kati, timene achinyamata amatitcha madroni, tina titanyamula kanyali koyera kophethira, tina tikungodutsa mumdima osaoneka konse.

Kuyambira pachiyambi, usiku wa ku Blantyre sudali wofanana kwa onse. Amishoni a ku Scotland adamanga misasa yawo mu 1876 pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, amalonda a Mandala nawatsata patapita zaka ziwiri, ndipo pofika 1895 malowo adali atasanduka tauni yokhala ndi khonsolo yakeyake. Koma malamulo a tauniyo sankalola munthu wakuda kuyendamo usiku popanda chiphaso, kotero kuti ophika, ochapa, amtengatenga, akalipentala ndi omanga nyumba ambiri ankagona m'midzi ya m'mbali mwa mapiri, nalawira mbandakucha kutsikira kuntchito, nabwerera dzuwa litapendeka. Midzi imeneyo idakula pang'onopang'ono, obwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Zomba ndi kutsidya kwa malire a Mozambique akuonjezekera chaka ndi chaka. Kwina boma lidachita kupima mapuloti, kwina anthu adangomanga okha pamene apeza malo, mpaka zonse zidasanduka madera odzaza anthu amene tikukhalamo lero.

Nyali ya m'madera amenewa idali koloboyi. Amene sadamuone asayese kuti chidali chinthu chogula kusitolo ya Mandala kapena ya Kandodo: mmisiri wa malata pamsika ankatenga chitini chotha ntchito, nachiboola pachivundikiro, naikapo kampope kakang'ono, m'mene ankapisamo chingwe cha nsanza kapena cha bulangete lakutha; palafini ankagulidwa wa m'kabotolo, wokwanira usiku umodzi kapena uwiri; ndipo lawi lake lofiirira, lofuka mwaye, ndilo lidaunikira ana ambiri a sukulu powerenga, nadzuka m'mawa mphuno zili bii. Komatu koloboyi adali wa m'nyumba, pakuti ndi kamphepo komwe kankamuzimitsa. Ya paulendo idali nyali ya galasi, yokhala ndi chogwirira cha waya, imene banja linkaisunga mosamala ndi kuipukuta madzulo aliwonse. Imeneyi ndiyo inkatsogolera opita kukagona kumaliro, okaitana azamba, ndi onyamula wodwala kutsikira naye ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chitatsegulidwa mu 1958. Munthu akaona nyali ikudza m'kanjira ka pakati pa nyumba, mtima unkakhala pansi, chifukwa wakuba sayatsa nyali. Pambuyo pake zidachuluka njinga zakapalasa, ndi nyali yake yoyaka ndi kagudumu kokhudza tayala, yowala bwino potsetsereka, yofooka pokwera chitunda. Ndipo apolisi akagwira wokwera njinga usiku wopanda nyali, dandaulo lidali lakuti njira ndikuidziwa ngakhale nditatsinzina, osazindikira kuti lamulo linkasamala za woyenda pansi ndi woyendetsa galimoto, amene ayenera kumuona iye nthawi ikadalipo.

Magetsi a pa mtsinje wa Shire adayamba kufika kuchokera ku Nkula mu 1966, chaka chomwe Blantyre idalandira ulemu wotchedwa mzinda, ndipo Tedzani ndi Kapichira zidatsatira. Koma kufikira lero nyumba zambiri za m'mapiri sizidalumikizidwe, misewu yambiri ya m'kati ilibe nyali, ndipo ngakhale olumikizidwa akudziwa bwino kuzimazima kwa magetsi. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, anthu nabwerera ku makandulo ndi matochi. Mdima kwathu kuno suli nkhani ya makedzana.

Nyali ya woyenda usiku ndiyo kholo limodzi la kanyali ka droni; kholo lina lidachokera pamadzi. Sitima za nthunzi zitachuluka m'nyanja za ku Ulaya, nizithamanga usiku mosadalira mphepo, zidayamba kugundana ndi kumiza anthu, mpaka mu 1848 boma la Britain lidalamula kuti sitima iliyonse ya nthunzi izinyamula nyali zitatu: yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, ndi yoyera pamlongoti. Nzeru yake ndi yakuya ngakhale ioneka yapafupi, pakuti woyendetsa sitima ina akaona yofiira yokha adziwa kuti mnzakeyo akudutsa kulowera kumanzere, akaona yobiriwira yokha adziwa kuti akulowera kumanja, koma akaziona zonse ziwiri pamodzi adziwa kuti akudza molunjika pa iye, ndipo nthawi yokhota ndi yomweyo. Maiko ena adalilandira lamuloli, nilifika kunyanja yathu pamodzi ndi sitima za amishoni ndi za amalonda. Ndipo amene adadikirapo Ilala usiku padoko la Nkhata Bay adaziona nyali zimenezi zikuyandikira, pakati pa nyali zambirimbiri za asodzi a usipa.

Ndege zitabadwa zidatenga lamulo la sitima monga lidalili, nyali yofiira kunsonga ya phiko lamanzere, yobiriwira ku lamanja, yoyera kumchira. Anthu a ku Blantyre adazidziwira ndege pa bwalo la Chileka, limene lidali khomo lalikulu la dziko lino kufikira bwalo la ku Lumbadzi litatsegulidwa mu 1983. Pa Chileka ndi pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda adatera pa 6 Julaye 1958, khamu la anthu likumudikira. Pomwepo ankakwerera abambo ndi amalume athu opita ku migodi ya ku Joni pa ndege za Wenela, ena osabwerako, monga aja opitirira 70 amene adafera pangozi ya ku Francistown mu Epulo 1974 ali paulendo wobwerera kwawo. Ndipo pomwepo pankanyamukira ndege yaikulu ya VC10 ya Air Malawi yopita ku London. Ana a ku Chilomoni ndi ku Machinjiri adakula akuloza kumwamba madzulo, kutsata ndi chala tinyali tofiira ndi tobiriwira tikutsikira cha ku Chileka.

Koma nyali zoyaka mosaphethira zidapezeka kuti sizikwanira mumlengalenga. Ndege imathamanga kuposa sitima kutalitali, ndipo kanyali kongoyaka phee kamasokonezeka ndi nyenyezi kumwamba, kapena ndi magetsi a m'mizinda pansi. Pamene diso la munthu, monga Mlengi adalipangira, limafulumira kuona chinthu chong'anima ngakhale chili m'mbali mwa kumene likuyang'ana. Chotero adayamba kuika pamsana ndi pamimba pa ndege nyali yofiira yozungulira, ndipo pambuyo pake adaonjezapo yoyera yong'anima mwamphamvu. Iyi idachokera m'manja mwa Harold Edgerton, mphunzitsi wa ku MIT m'dziko la America, amene cha mu 1931 adakonza nyali yotulutsa kuwala koopsa m'kanthawi kochepetsetsa, podutsitsa magetsi mu mpweya wotsekeredwa m'kagalasi. Iye ankaifunira kujambula zinthu zothamanga, ndipo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse idagwira ntchito yojambula dera la Normandy usiku kuchokera m'ndege mu 1944. Chimene chidagwedeza maboma kuti aikepo mtima pa za kugundana kwa ndege ndi tsoka la pa 30 Juni 1956, pamene ndege ziwiri zonyamula anthu zidaombana pamwamba pa Grand Canyon, usana ndithu, anthu 128 natha onse. Patapita zaka ziwiri America idakhazikitsa bungwe loyang'anira mlengalenga la FAA, ndipo malamulo ake amati nyali yopewetsa kugundana iziphethira kosachepera ka 40 ndi kosapitirira ka 100 pa mphindi imodzi.

Tsono madroni adafika ku Malawi msanga kuposa kumaiko ambiri a mu Africa, ndipo adafika pa ntchito yachifundo. Mu Malichi 2016 boma pamodzi ndi UNICEF adayesa ku Lilongwe ngati kandege ka kampani ya Matternet kangathe kunyamula timadontho ta magazi ouma a makanda kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central kokayeza kachilombo ka HIV, kuti mayi asamadikire masabata ambiri asanamve za mwana wake. Mu Juni 2017 adapatula dera la makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege la Kasungu kuti likhale loyeseramo madroni othandiza anthu, loyamba la mtundu wake mu Africa. Mu Januwale 2020 idatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi Virginia Tech ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, m'mene anyamata ndi atsikana athu aphunziramo kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa tindege ta Swoop Aero tanyamula mankhwala ndi katemera kupita kuzipatala zimene misewu yake imaduka m'dzinja. Akale adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ka mlendo uyu kumeta kwake takuona. Komabe droni imene anthu a m'madera a Blantyre aidziwa kwambiri ndi ya wojambula maukwati, zinkhoswe, nyimbo za oimba ndi misonkhano ya chitsitsimutso. Ndipo popeza zochitika zotere zimapitirira dzuwa litalowa, wojambulayo amakopeka kukweza kandege kake mumdima, kuti atenge chithunzi cha bwalo lowala kuchokera kumwamba.

Apa ndiyenera kunena chinthu chowawa. M'chaka chomwecho cha 2017, patangopita miyezi itatu chitsegulire dera la Kasungu, mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, nifalikira ku Thyolo ndi ku Chiradzulu mpaka kulowa mu Blantyre. Anthu adagona panja m'magulu, anyamata adatseka misewu, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mphekesera yomweyo idaonekapo kale mu 2002. Sindinena kuti madroni ndiwo adaiyambitsa, iyayi. Ndinena kuti m'dziko limene mantha otere agona pafupi, m'mene nkhani za ndege za ufiti zimakambidwabe m'maminibasi ndi m'mabwalo a mafumu, sikoyenera kuti munthu aziulutsa usiku pamwamba pa madenga a anzake chinthu chong'ung'udza, chosaoneka, mwini wake wosadziwika. Mayi wa ku Bangwe amene wamva phokoso lachilendo pamwamba pa nyumba yake pakati pa usiku, natuluka, nayang'ana kumwamba osaona kanthu, sitingamudzudzule akakuwa; mlandu uli pa iye amene wadza mumdima wopanda muuni.

Kanyali ka droni tikunenaka ndi kachinthu kochepa kuposa bokosi la machesi, kopepuka kotero kuti kandege sikamva kulemera kwake. M'kati muli timababu ta LED ndi batire lakelake lotchajidwa ndi chingwe chonga cha foni, ndipo amakamatira pamsana pa droni. Pamsana ndithu, pakuti woyendetsa ndege kapena helikopita amene ali pamwamba ndiye ayenera kukaona poyamba. Amene ali ndi tiwiri amaika kena kunsi, kuti iye mwini ndi anthu a pansi azikaona. Tinyali timene droni imabwera nato kuchokera kufakitale timathandiza mwini wake kudziwa kumene yaloza, koma kuwala kwake kumathera pafupi. N'chifukwa chake America, pamene mu Epulo 2021 idalola oulutsa madroni a ntchito kuuluka usiku popanda kupempha chilolezo chapadera, idalamula kuti pakhale nyali yophethira yooneka pa mtunda wa mamailosi 3, ndiko kuti pafupifupi makilomita 5. Woyenda pansi angauyese mtunda wautali. Koma ndege yotsika pa liwiro la makilomita 250 pa ola imaumaliza m'mphindi imodzi ndi pang'ono, ndipo m'kanthawi kameneko woyendetsa ayenera kuona, kuzindikira chimene waona, ndi kukhota.

Kwathu ku Blantyre nkhaniyi ili ndi mbali ina imene a m'maiko athyathyathya saiganizira. Malamulo a maiko ambiri salola droni kukwera kupitirira mamita 120 kuchokera pansi, poona kuti ndege zonyamula anthu zimauluka pamwamba pa mlingo umenewo. Koma bwalo la Chileka lili kumunsi, pafupifupi mamita 780 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene tauni ndi madera ake ambiri zili pa mamita 1,000 ndi kupitirira, ndipo nsonga ya phiri la Ndirande imapyola mamita 1,500. Mnyamata amene waima m'mbali mwa phiri ku Ndirande kapena ku Chilomoni, nakweza droni yake mamita 120, angayese kuti ili pansi ndithu. Koma poyerekeza ndi Chileka ili kale mamita mazana angapo m'mwamba, pa msinkhu umene ndege yotsika kapena yongonyamuka kumene ingathe kupezekapo. Nyali zofiira zimene timaziona usiku pa nsanja za wailesi ndi za mafoni pamapiri zidaikidwa pa chifukwa chomwechi. Ndipo ngati nsanja, imene siisuntha pamene idamangidwa, iyenera kukhala ndi nyali, nanga kandege koyendayenda, kamene woyendetsa ndege sadauzidwe za iko?

Wina angafunse kuti, bwanji osangoletseratu kuuluka usiku? Adatiyankha ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mvula idagwa masiku otsatizana osaleka, phiri la Soche lidasanza matope ndi miyala nikukwirira nyumba ku Chilobwe, mitsinje ya mumzinda idasefukira, magetsi adazima, ndipo akufa ndi osowa m'chigawo cha kummwera adapitirira 1,000. Chakudza sichiimba ng'oma. Anthu adafukula matope ndi makasu ndi manja. Madroni adaulutsidwa kujambula malo ogumuka ndi milatho yokokoloka, kuti othandiza adziwe kolowera. Ndipo mahelikopita, ena ochokera ku Tanzania ndi ku Zambia, ankauluka motsika kukafika kumene galimoto sizikadafika. Pa masiku otere droni ndi helikopita zimapanikizana m'thambo limodzi, kunsi kwa mitambo. Ndipo popeza alipo madroni okhala ndi kamera yoona kutentha kwa thupi, imene imapeza munthu wamoyo mosavuta usiku nthaka itazizira kuposa masana, opulumutsa anthu adzafuna ndithu kuuluka mumdima. Kuwaletsa kungakhale kutaya miyoyo ya okwiririka, ndipo kuwalola opanda nyali kungakhale kuika pachiswe miyoyo ya amene adza kudzatithandiza.

Ngakhale zili tero, munthu asadzinyenge kuti pogula kanyali watha zonse. Nyali yophethira siunikira njira. Mawaya a magetsi olukanalukana pamwamba pa Ndirande, nthambi za mabulugamu ndi milongoti ya pamadenga zimakhalabe zobisika, ndipo timaso timene droni imazindikirira nato zopinga timafooka kuwala kukachepa. Wanzeru amapita pamalopo kukadali kowala, nayang'ana waya uliwonse ndi mtengo uliwonse, nasankhiratu potera. Usiku amaima kutali ndi magetsi owala, popeza diso limatenga pafupifupi theka la ola kuti lizolowere mdima, ndipo galasi lowala la foni limalibwezanso m'mbuyo. Amakhalanso ndi mnzake amene ntchito yake ndi kuyang'ana kumwamba ndi kutchera khutu ku phokoso la ndege. Batire la kanyali litchajidwe ulendo usanayambe, kuti zisafanane ndi za anamwali aja a m'fanizo, amene nyali adali nazo koma mafuta adalibe. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikadza kuchokera ku Mozambique ndi kuphimba Soche, Mpingwe ndi Bangwe, kuwala kwa kanyali kumamwazika m'nkhungu osafika patali, ndipo usiku wotere droni igone m'chikwama chake. Chimodzimodzinso m'chilimwe, utsi wa moto wa kutchire ukakuta mzinda madzulo.

Akuluakulu oyang'anira maulendo a pandege m'dziko muno ndiwo amapereka chilolezo cha madroni, ndipo pafupi ndi Chileka palibe woyenera kukweza kandege, usana kapena usiku, osawafunsa. Koma chilolezo cha ku ofesi sichimveka m'makwalala. Pamene madroni ankayesedwa ku Lilongwe ndi ku Kasungu, oyesawo ankayamba asonkhanitsa mafumu ndi anthu awo, nawafotokozera chimene chidzauluka ndi chimene chidzanyamula. Ndipo wojambula ukwati ku Zingwangwa ayenera kuchita zomwezo pa msinkhu wake. Apite kwa a mfumu kapena kwa akulu a m'dera dzuwa likadalipo, nanene mwaulemu kuti, "Mfumu, usiku uno pakhomo pa akutiakuti pali ukwati, ndipo tikweza kandege kojambula kuyambira nthawi yakuti kufikira yakuti, mukaona kanyali koyera kakuphethira pamwamba, n'kathu." Auzenso anyamata a chitetezo amene amayendera dera usiku, ndi oyandikana nawo nyumba amene makanda awo angadzidzimuke ndi phokoso. Ndipo kandegeko kazizungulira pamwamba pa bwalo la ukwati pokhapo, osalowera ku mipanda ya anthu ena, pakuti mabafa ambiri m'madera athu ndi a udzu kapena a masaka, opanda denga, ndipo anthu ambiri amasamba madzulo akaweruka kuntchito.